Nyumba ya mitengo yotoleza si umphawi ayi

Malume anga ali ndi munda ku Kasungu, ndipo chaka chatha analowa m'nyumba imene anthu a m'mudzimo mpaka lero sanagwirizane kuti aziitcha chani. Ena akuti ndi chigafa chokhala ndi zitseko, ena akuti madalawa akutengera za azungu, ena angonena poyera kuti ndalama zinawathera panjira. Ine ndinagonamo masiku asanu mwezi wa October, nthawi ija dzuwa limaswa mtengo, ndipo ndinabwerako ndi maganizo amene sakundichoka mpaka lero. Kwa munthu amene akumanga kumunda, nyumba yoimika ndi mitengo, yomangidwa ndi zinthu zogumula kwina, ndi yanzeru kuposa kuotcha uvuni wa njerwa. Chimene chikutiletsa ambirife ndi manyazi basi.

Ndifotokoze kaye nyumbayo kuti tizikambirana chinthu chimodzi. Nsichi ndi mitanda zinachokera ku shedi yosankhiramo fodya ya esiteti ina imene inasiya kulima kalekale, denga linali litayamba kugwera mkati ndipo anyamata anali atayamba kale kuwazako nkhuni. Malata anagula kumpingo wina umene umakulitsa tchalitchi chawo. Zitseko ziwiri za mbawa ndi mafelemu a mawindo anazipeza kwa ogulitsa zakale ku Lilongwe, njerwa zapansi anatola pa balani yakugwa. Zatsopano zimene anagula kuhadiweya ndi simenti ya pamaziko, mabawuti, waya ndi misomali ya malata. Pakati pa nsichi anadzazapo zidina nkumata bwinobwino, moti ukaiona patali sungadziwe kuti denga lasenzedwa ndi mitengo osati khoma.

Nde tiyeni tione njira inayo, imene tonse timaitcha chitukuko. Munthu ukagulitsa fodya kapena soya, choyamba ndi kuumba njerwa. Mukumba dzenje kuseri kwa nyumba, lija mvula ikagwa limasanduka dziwe la udzudzu ndipo ana amagweramo, muumba, muyanika, mupanga uvuni, kenako pabwere nkhani ya nkhuni. Uvuni sufuna tinthambi ayi, umafuna zipika zikuluzikulu zoti ziyake usiku ndi usana, nde imene imagwa ndi mitengo yachilengedwe ija, msuku, muwanga, tsanya, pena mpaka mitengo ya mango imene agogo anadzala. Mtengo umene unatenga zaka makumi kuti ukule ukutha usiku umodzi nkusanduka phulusa, pomwe mtengo womwewo ukanakhala mtanda ukanasenza denga mpaka zidzukulu zitakula. Ndipo mukamaliza kuotchako mudzafunabe matabwa a denga, zitseko ndi mafelemu, kutanthauza kuti nyumba ya njerwa imadya nkhalango kawiri. Izi ndi zimene zimandipweteka munthu akamanena kuti nyumba ya mitengo ikuononga chilengedwe, kumanena zimenezo ataimirira pafupi ndi uvuni wake ukufuka.

Boma linaliona vutoli. Mu 2018, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council, linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, nchifukwa chake masukulu ndi zipatala zatsopano mukuziona za mabuloko a simenti. Zabwino. Koma mlimi wa ku Kasungu mabulokowo awagula ndi chani? Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene analowa muhadiweya kuchokera nthawi imeneyo akudziwa zimene zinachitikira thumba la simenti ndi lata. Onjezanipo transipoti yofikitsa katunduyo kumunda kumene msewu wake ngolo yokha ndi imene imadutsa mvula ikayamba. Tikamuuza mlimi kuti usaotche njerwa koma osamupatsa njira ina imene thumba lake lingakwanitse, adzaotchabe, ndipo sindingamudzudzule.

Ndikudziwa chimene chili pakamwa panu, chiswe. Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa, chifukwa tonse tinaona nyumba zophoma za kumudzi mmene nsichi zake zimathera patangopita zaka zochepa. Koma taganizani chimene chimazipha. Makolo athu amakumba dzenje nkuzika nsichi m'dothi, mtengo umakhala mu chinyontho dzinja lonse ndipo chiswe chimalowa osaonedwa ndi munthu. Kalipentala amene anamanga ya malume, bambo wachikulire amene ntchitoyi anaiphunzira m'maesiteti a fodya ali mnyamata, sanalole nsichi ngakhale imodzi kukhudza dothi. Iliyonse inakhala pa kachipilala ka miyala ndi simenti kotalika kufika cha m'bondo, pamwamba pake anayalapo kachidutswa ka lata kotuluka m'mbali nkukapindira pansi ngati chipewa, kenako nsichi nkuimangirira ndi chitsulo ndi bawuti. Nditawafunsa za kalatako anandiyankha kuti, "Mwana wanga, chiswe chimayenda mobisa, chimamata njira yake ndi dothi. Iwe chikakamize kudutsa poonekera, ukadzuka m'mawa uchiona, uchikolopa." Nzoona, kalatako sikapha chiswe, kamangochiumiriza kuonekera. Pomwe m'nyumba zambiri za njerwa zomangira dothi chiswe chimakwera mkati mwa khoma mwenimweni, mwini wake amadzadziwa tsiku limene phaso lathyoka.

Chachiwiri ndi madzi. Mtengo ukamanyowa nkuuma, kunyowa nkuuma, umaola, koma ukakhala pouma umakhala zaka zosawerengeka. Nde khonde la nyumba ya malume ndi lalikulu mbali zonse zinayi, mvula yamphepo siifika pakhoma. Si nzeru yatsopano imeneyi, pitani mukaone nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ikadali chiimire ndi khonde lake lalikulu lija. Ku Japan kuli kachisi wa Horyu-ji amene nyumba zake zamitengo zadutsa zaka 1,300, m'dziko la mvula yambiri ndi zivomezi. Mitengo yawo si yamatsenga, anangodziwa kuiteteza kumapazi ndi kumutu, ndi kusintha chidutswa chimene chaola chisanaoletse chinzake.

Pa zivomezi pomwepo, anthu a ku Karonga sanaiwale December 2009, mmene nyumba zambiri za njerwa zinang'alukira ndi kugwa anthu nkumagona panja nthawi ya mvula. Khoma la njerwa lopanda zitsulo silidziwa kugwedera, likakankhidwa limasweka, ndipo likamasweka limatsika ndi denga. Nyumba yoimika ndi mitengo yolumikizidwa bwino, yokhala ndi mitengo yopingasa m'makona, imagwedera nkubwerera. Pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, sindinganame kuti nyumba ya mitengo ikanalimba ku Chilobwe kumene phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala, pamenepo palibe nyumba ikanaima. Koma nyumba zambiri m'midzi sizinakokoloke ndi madzi ayi, zinangonyowa masiku angapo mvula osakata, khoma kufewa kuchokera pansi nkukhala pansi ndi denga lake. Denga likakhala pa nsichi zake, khoma likhoza kusungunuka mbali imodzi koma banja likadali ndi pobisala, ndipo mvula ikatha mumangomatanso.

Tsopano za kutoleza, chifukwa apa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. Anthu amaganiza kuti chinthu chakale ndi chotsalira, koma pa matabwa zinthu zinatembenuka. Thabwa limene mukugula lero pamsika nthawi zambiri ndi paini wosakhwima, wochekedwa dzana, ukadali ndi madzi, mukakhoma padenga pakatha miyezi itatu wapindika ngati uta. Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene inadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, tinaicheka ndi kuiotcha mpaka mbali zambiri kunatsala zitsa. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene chiswe chimauopa ndipo umanunkhira ngakhale patapita zaka, kafukufuku wa mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha m'phiri monse. Nde mitengo yabwino ya dziko lino ili kuti lero? Ili m'madenga a nyumba zakale, m'zitseko za masitolo akugwa, m'mashedi a maesiteti amene anatsekedwa. Inauma kalekale, inapindika kale mmene imafunira kupindika, ndipo ngati yakhala zaka zonsezi osafumbwa ndiye kuti yadziperekera yokha umboni.

Ndinaona ndi maso anga kalipentala uja akupala mtanda wakuda bii, wodzaza fumbi ndi ndowe za mileme, kupala kawiri katatu mkati munatuluka mtengo wofiira wolimba woti msomali umapindika ukamaukhoma, mpaka amayamba aboola kaye. Mtanda umenewo unatsala pang'ono kuphikira nyemba. Ku America kuli makampani amene ntchito yawo ndi kugula mashedi akale a m'mafamu, kuwaphwasula mtengo umodziumodzi uku akulemba manambala, nkukawamanganso kwina ngati nyumba za anthu a ndalama, ndipo thabwa lakale limagulidwa modula kuposa latsopano. Ife kuno tikuwaza nkhuni.

Malata ndi chimodzimodzi. Akale aja ambiri ndi okhuthala, ukawaponda sabonyoka, pomwe otchipa a geji 32 amene ambirife timakwanitsa lero ndi opyapyala moti mphepo ikangopeza polowera imawang'amba pamsomali. Vuto la akale ndi mabowo a misomali, ndipo malume anatha sabata yathunthu ndi ana awo kutseka bowo lililonse ndi phula, kuchotsa dzimbiri ndi burashi ya waya nkupaka penti. Njerwa zakale nazo, zimene anamangira dothi kapena laimu zimachoka zathunthu ukangozigogoda pang'ono, zomangira simenti ndi zimene zimasweka.

Mmene analumikizira mitengo ndi chinthu china chimene ndikufuna achinyamata amene akuphunzira ukalipentala akanachiona. Pokumana nsichi ndi mtanda sanangokhomapo misomali ya sikisi inchi ngati mmene timachitira pa chigafa. Amaboola bowo la makona anayi pa mtengo wina ndi tchizulo, kwinako nkusema lilime lolowa ndendende m'bowomo, akalowetsa nkuboola mopingasa nkukhomamo chikhomo cha mtengo wouma. Msomali umachita dzimbiri nkumasuka, ndipo mphepo ikamakoka denga umazuka mmene unalowera. Chikhomo chija kuti chichoke ndiye kuti mtengo uthyoke. Zonsezi amazichita pansi, kuyeza, kulowetsa, kutulutsa, kusemanso, mbali yonse ya nyumba itagona pabwalo. Tsiku loimika linali ngati dima, akazi awo a malume anaphika thobwa ndi nsima ya nkhuku, amuna a m'mudzimo anabwera ndi zingwe, ndipo mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga tsiku limenelo unali ntchito yeniyeni ya mapewa. Pofika madzulo mafupa onse a nyumba anali ataima. Ena mwa amene anakoka zingwe tsiku limenelo ndi omwewo akuitcha chigafa lero, koma anaona okha kuti amuna asanu anakwera pamtanda osagwedera.

Koma ndikhala wabodza ndikanena kuti njira imeneyi ilibe minga. Yoyamba, ndipo kwa ine yaikulu, ndi kuba. Msika wa zinthu zakale umadyetsedwanso ndi anthu amene amazula zitseko za masukulu nthawi ya holide, kuchotsa malata pa nyumba za anthu amene ali ku Joni, kudula mapolo a magetsi. Munthu akakubweretserani chitseko usiku pamtengo wa nkhuku, mukudziwa kumene chachokera, ndipo mukachigula mwaba nawo. Malume chilichonse chachikulu amagula kwa mwini wake masana, pamaso pa amfumu kapena akuluakulu a mpingo, nkulemberana kapepala. Zinawathandizanso panjira, chifukwa ukanyamula matabwa a mitengo yachilengedwe a zankhalango ndi apolisi amafunsa, ndipo akuyenera kufunsa. Kutoleza kumene ndikukutetezaku ndi kumeneko, osati kwa usiku.

Yachiwiri, si chakale chilichonse choyenera kulowa m'nyumba yogona ana. Mapolo a magetsi ndi mitengo ya njanji inathiridwa mankhwala akuda aja onunkha phula, ndi abwino pa mpanda kapena pa khola koma osati kuchipinda, ndipo zidutswa zake osaphikira. Madenga akale a asibesitosi asiyeni komweko, fumbi lake mukamadula kapena akasweka limaononga mapapo ndipo matenda ake amadzaonekera patapita zaka zambiri. Penti wakale wina ali ndi mtovu, mukamapala ana asakhale pafupi. Matabwa a m'chipinda chimene esiteti imasungiramo mankhwala a fodya malume anawakana ngakhale anali okongola. Ndipo mtengo uliwonse uyenera kugogodedwa ndi hamala nkubayidwa ndi msomali, wina kunja umaoneka bwino mkati muli ufa wokhawokha.

Yachitatu ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene ambiri angagwe ulesi. Nyumba imeneyi inatenga zaka zitatu. Sungapite ndi pulani nkukagula zimene pulaniyo ikufuna, umayamba wapeza zinthu kenako pulani nkumatsatira. Kutalika kwa zipinda kunachokera pa kutalika kwa mitanda imene inapezeka, mawindo sali ofanana, limodzi lalikulu lina laling'ono. Kuzula misomali yakale kokha ndi ntchito ya masiku, manja amachita matuza. Munthu wa pa ntchito m'tauni amene akufuna kulowa m'nyumba mwake pa Khirisimasi njira imeneyi simuyenera, ndipo pa puloti ya m'tauni pali malamulo a khonsolo ndi nkhani ya moto nyumba zikathithikana. Ine ndikukamba za kumunda, kumene mlimi ali ndi malo osungira zinthu, ali ndi ngolo, ndipo kuyambira akakolola mpaka mvula yoyamba manja ake amakhala ndi mpata ngakhale thumba lilibe kanthu.

Akazi awo a malume poyamba sanaifune nyumbayi, ndipo zifukwa zawo sindinazione ngati zachibwana. Amaopa moto, amaopa makoswe ndi nsikidzi m'ming'alu, komanso ananena mosabisa kuti, "Ine ndavutika zaka zonsezi m'munda kuti anthu azidzati ndikugona m'chigafa?" Za moto anagwirizana kuti khitchini ikhale payokha kutali pang'ono ngati mmene timamangira kale, za ming'alu anamata paliponse pokumana mtengo ndi khoma ndipo amabwereza ikang'aluka. Koma chachitatucho palibe kalipentala angachikonze. Kwathu kuno nyumba ya njerwa zootcha ya malata ndi umboni woti munthu sunalime pachabe, ndipo mayi amene wagona zaka zambiri m'nyumba yodontha ali ndi ufulu wofuna umboni umenewo. Sindikumuseka munthu ameneyo olo pang'ono. Chimene ndikukana ndi choti umboniwo uzikhala mtundu wa khoma. Ndaona nyumba zambiri za njerwa zimene zinaima pa windo zaka zisanu, udzu kumera mkati, njerwa kumasungunuka ndi mvula chifukwa ndalama ya denga sinapezeke, banja likugonabe m'kanyumba kakale. Nyumba ya mitengo imayamba ndi denga. Mukaimika nkufolera muli kale ndi mthunzi ndi posungira chimanga, makoma mumadzaza chipinda chimodzichimodzi mmene mphamvu ikupezekera. Akazi a malume aja lero amayala mphasa pakhonde masana nkumasankha mtedza, ndipo anandiuza okha kuti m'nyumbamo simutentha ngati mwa mchemwali wawo mwa njerwa, chifukwa denga ndi lalitali ndipo pamwamba anasiya mipata ya mphepo yotchinga ndi waya wa sefa.

Ndikudziwanso kuti mashedi akale sadzakhalapo mpaka kale, tonse tikathamangira kumeneko atha chaka chimodzi. Nchifukwa chake nkhaniyi siingathere pa kutoleza. Amene wamanga ndi mitengo imene anadzala ena akuyenera kudzala yake, ndipo malume m'malire a munda anadzala bulugama ndi nsungwi, bulugamayo kumtunda kutali ndi dambo chifukwa amamwa madzi kwambiri, ndi mbawa zingapo zimene akudziwa kuti iwo sadzacheka. Bulugama wokhwima, wodulidwa nthawi yachilimwe, wosendedwa nkuumitsidwa pamthunzi, amasenza denga bwinobwino akakhala pouma.

Pempho langa likupita kwa amene ali ndi mphamvu pa nyumba zakale, makhonsolo, mipingo, eni maesiteti. Mukamagwetsa nyumba musamayambe ndi kugumula, yambani ndi kuphwasula, itanani akalipentala atsitse denga bwinobwino, zinthuzo zigulitsidwe poyera anthu akuona. Ndipo masukulu a ntchito zamanja pansi pa TEVETA akanapeza madala ngati amene anamanga kwa malume, akadali ndi mphamvu, aziphunzitsa anyamata kalumikizidwe kaja ndi kasankhidwe ka mtengo wakale. Bambo amene uja maso ayamba kuvuta, poyeza amachita kuyandikitsa nkhope pa tepi, ndipo mnyamata amene amawathandiza anapita ku Lilongwe kukayendetsa kabaza.

Chipinda chachitatu kwa malume chikadali chopanda windo, anatchingapo ndi mphasa. Atandiimbira sabata yatha amati amva kuti sitolo ina yakale pa tiledingi senta eni ake akufuna kuigwetsa akamaliza kukolola, nde akonza ngolo kuti akalankhule nawo anyamata a nkhuni asanafike.